Kumene ndimaswetsa mazira ku Mitundu: amabweza ambiri, koma anapiye amatuluka

Anzanga oweta nkhuku akaona mazira asukusa amathamangira kuloza chala makina. Ati magetsi anazima, ati mwini makina anasinthanitsa mazira. Ine mazira a nkhuku zanga za Mikolongwe ndi zachikuda ndimakaswetsa kwa mayi ena kufupi ndi msika wa Mitundu, amene ali ndi makina ofungatira kuchipinda cha kuseri kwa nyumba yawo, ndipo chimene ndaona n'chakuti mazira ambiri amafa asanalowe n'komwe m'makinamo. Mayiwa amazidziwa zimenezi, n'chifukwa chake amavuta kwambiri polandira mazira.

Ukafika ndi thireyi yako, za ndalama zimabwera pambuyo. Funso loyamba limakhala lakuti, "Achimwene, amenewa aikira liti?" Kuyankha kuti "masiku omwewa" sikuthandiza. Amafuna dzira lililonse likhale ndi tsiku lake lolembedwa ndi pensulo, chifukwa likapitirira masiku 7 mwayi woti liswe umayamba kutsika, ndipo umatsikabe tsiku ndi tsiku. A milungu iwiri amakuuza poyera kuti ukuika mwa kufuna kwako, usadzabwere ndi milandu.

Kenako amatseka zenera, n'kumaunika dzira limodzilimodzi ndi tochi. Apa ndi pamene mtima umagunda, chifukwa thireyi imene unaiona ngati yabwino imayamba kuchepa uli poteropo. La kamng'alu kosaoneka ndi maso, pambali. Lalikulu mopitirira, limene kawirikawiri limakhala ndi zachikasu ziwiri, pambali. Ting'onoting'ono ta misoti yongoyamba kuikira, lozungulira kwambiri, lachigoba chopyapyala, onsewo amakubwezera kuti ukadyere nsima.

Koma chimene salola ngakhale utawachonderera ndi mazira otsuka. Ndinaonapo bambo wina atabwera ndi mazira oyera mbee, onunkhira sopo, akunyadira kuti wawakonza bwino. Mayi ananunkhiza limodzi n'kumubwezera thireyi yonse. Bamboyo anachoka akung'ung'udza, komabe mayiwo sanalakwe. Chigoba cha dzira chili ndi timabowo tambirimbiri topumira, ndipo thadzi poikira limalikuta ndi kamadzi kamene kamauma n'kutchinga majeremusi. Ukalitsuka wachotsa chitetezo chimenecho, ndipo madziwo akakhala ozizira amakokera litsiro m'kati. M'makina mumatentha madigiri 37.5, ndiye dzira lotere limawola, nthawi zina mpaka kuphulika, n'kuipitsa mazira a anthu ena amene lagona nawo. Lokhala ndi kachitosi pang'ono amangolipala louma. Lodetsedwa kwambiri salilandira, amati ukasinthe udzu wa m'zisa ndipo uzitola mazira kangapo pa tsiku.

Za kasungidwe amaphunzitsa ulele, ndipo ndi pamene ndapindula kwambiri. Dzira loswetsa limafuna malo ozizirira, madigiri 13 mpaka 18. Kukatentha kupitirira 24, kamwana kamayamba kukula mozengereza, kenako kamafooka kapena kufa. Firiji nayo si yankho, imazizira mpaka cha m'ma 4 komanso imaumitsa dzira. Mu Juni ndi Julayi kuno sizivuta, nyumba yokha imakhala yozizira. Vuto ndi Okutobala, makamaka kwa ife a nyumba zamalata zopanda siling'i. Iwo amaika mathireyi pansi pasimenti m'chipinda chimene dzuwa silifikako, pambali pali beseni la madzi loti mpweya usaume. Kwathu ndinatengera zomwezo, kungoti ine ndimaika thireyi pafupi ndi mtsuko wa madzi akumwa, pamchenga wonyowa, dzira osakhudza madzi. Mbali yosongoka iziloza pansi kuti kathumba ka mpweya kakhale pamwamba. Mazira akamakhalitsa, amatsamiritsa thireyi pa njerwa, lero mbali iyi mawa inayo, kuti chachikasu chisamatirire ku chigoba.

Obwera pa kabaza kuchokera kumidzi amawauza kuti azipakira mazira m'mankhusu a mpunga kapena mu utuchi wouma. Akafika sawaika m'makina nthawi yomweyo, amawasiya agone usiku kuti zam'kati zikhazikike. Ochokera pamalo ozizira amawadikiranso afunde kaye, apo ayi amachita thukuta akangolowa motentha.

Zodandaula zilipo ndithu. Amaika mazira kamodzi pa sabata, ndiye ukabweretsa tsiku loikalo litangodutsa, mazira ako amakalambira pomwepo akudikira. Izi sakuuza pokhapokha ufunse, ndiye funsani musanayambe kusonkhanitsa. Ndalama amalipiritsa pa dzira, ulipiriretu, ndipo lopanda mbewu sabweza kanthu. Chimene chimandinyansa kwambiri ndi mathireyi apepala amene amangozungulira kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo, ena ali ndi zitosi zouma. Munthu wosamala chonchi pa dzira sayenera kulekerera zimenezi kuno kumene chitopa chimasesa makola chaka ndi chaka. Ine ndimanyamula thireyi yanga yapulasitiki, yotsukika, ndipo ndimabwerera nayo. Foni nayonso sayankha msanga, moti tsiku la 21 umangodziwerengera wekha n'kupita ndi katoni.

Pa magetsi sindinaonepo vuto, ali ndi sola ndi mabatire. Cha pa tsiku la 10 amaunikanso mazira onse n'kuchotsa oyera m'kati, ndipo akachuluka amakufunsa za tambala, kuti ndi wamkulu bwanji ndipo akuyenda ndi matadzi angati. Iwo amati mmodzi asapitirire 10. Mnzanga wina anakwiya nalo funsoli ngati amunyozera iyeyo, koma atasintha tambala zinthu zinasintha.

Amene mumafuna pongosiya mazira n'kumapita, malo awa akutopetsani, chifukwa mafunso ndi ambiri. Ofuna anapiye pitani, mutatola mazira a m'sabata yomweyo. A nkhanga amalandiranso, koma amawaika paokha popeza amatenga masiku 26 mpaka 28, ndipo nyengo ya mvula nkhanga zikayamba kuikira malo amadzaza msanga, choncho kalembetseni dzina mvula isanagwe.