Rauta ya 4G, faiba, wailesi ya padenga kapena Starlink: iti ikuyenera nyumba yanu?

Amene akudandaula kuti intaneti ya pakhomo ku Malawi ndi yodula komanso yochedwa sakunama. Msika wa mafoni uli m'manja mwa makampani awiri, TNM yomwe idayamba mu 1995 ndi Airtel yomwe idalowa ngati Celtel mu 1999. Mu 2022 bungwe loyang'anira za mafoni ndi intaneti la MACRA lidapereka ziphaso kwa Nyasa Mobile ndi Malcel, koma pogula bandulo anthu ambiri akusankhabe pakati pa awiri omwewo. Dziko lathu lilibe nyanja yamchere, ndiye intaneti imachita kugulidwa ndi ndalama zakunja kudzera m'zingwe zodutsa ku Tanzania, Mozambique ndi Zambia. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama yogulira intanetiyo ndi zipangizo idakwera nthawi yomweyo. Pamwamba pake pali msonkho wa excise wa 10 peresenti pa data, kuphatikizapo VAT. Zonsezi wogula sangazisinthe. Chimene angathe n'kusankha njira yogwirizana ndi pamene nyumba yake ili, chifukwa njira yomwe ikuthamanga ku Area 47 ikhoza kukhala yosagwira ku Chilomoni.

Musanayerekeze mitengo, dziwani data imene banja lanu limadya. Kanema wa Netflix wooneka bwino wa HD amatha mpaka 3GB pa ola, wamba amadya pafupifupi 1GB. Banja loonera maola awiri patsiku pa mlingo wambawo latha kale 60GB pamwezi, osawerengera TikTok ya ana ndi mafoni odzikonza okha usiku. Dziwaninso kuti liwiro limalembedwa mu Mbps, osati MB. Gawani ndi 8: mzere wa 10 Mbps umatsitsa 1.25MB pa sekondi, ndiye fayilo ya 1GB imatenga pafupifupi mphindi 14 zinthu zikakhala bwino.

Rauta ya 4G ya Airtel kapena TNM ndiyo yosavuta kuyamba nayo. Mugula, muika SIM, mulumikiza, basi. Imadya magetsi ochepa, nthawi zambiri osapitirira 12W, moti kabatire kakang'ono ka mini UPS ka 12V kamaiyendetsa maola angapo magetsi akathima. Vuto lake n'lakuti nsanja ya netiweki mumagawana ndi aliyense wa m'dera lanu. M'mawa liwiro limakoma, koma kuyambira cha m'ma 7 koloko madzulo kanema amangozungulira. N'chifukwa chake kuyesa netiweki masana n'kudzinamiza. Bwerekani SIM ya kampani iliyonse, muyese ndi Speedtest kapena fast.com cha m'ma 8 koloko usiku kwa masiku atatu, muli m'chipinda chimene rauta idzakhale.

Timizere ta pafoni musatikhulupirire kwambiri. Lowani patsamba la rauta, lomwe pa marauta ambiri a Huawei ndi 192.168.8.1 ndipo pa ZTE ndi 192.168.0.1, muone manambala awiri. RSRP, yomwe imayeza mphamvu ya netiweki, ikakhala cha m'ma -80 ndiye bwino, ikatsika kupitirira -100 mphamvu yachepa. SINR imayeza kuyera kwa netiwekiyo: yoposa 13 ndi yabwino, yoyandikira 0 ikutanthauza kuti pali zosokoneza zambiri. Apa ndiye pagona nkhani. RSRP ikakhala yoipa, mankhwala alipo: sunthirani rauta pawindo loyang'ana nsanja, ikwezeni, ichotseni kuseri kwa TV, kapena gulani eriyo yakunja ngati rautayo ili ndi timabowo tiwiri tolumikizira. Malata ndi makoma a njerwa zootcha amadya netiweki kwambiri. Koma manambala akakhala abwino intaneti n'kumachedwabe usiku, nsanja yadzaza, ndipo eriyo ya mtengo uliwonse singathandize. Ambiri amataya ndalama pamenepa.

Mabandulo otchedwa unlimited awerengeni mpaka pansi. Kawirikawiri amakhala ndi malire, mukafika pa magigabayiti akutiakuti liwiro amalitsitsa mpaka mwezi uthe. Funsani nambala ziwiri: malirewo ndi angati, ndipo liwiro lotsala ndi lotani. Za 5G, TNM idayamba kuiyesa mu 2023, koma imafika malo ochepa a m'mizinda, ndipo imafuna rauta yakeyake.

Faiba, chingwe cha intaneti chofika mpaka m'nyumba, ikakhala kuti yafika mumsewu wanu, ndiyo yabwino kuposa zonse pa misonkhano ya Zoom ndi kutumiza mafayilo akuluakulu. Mvula siikhudza, ndipo kabokosi kake ndi rauta zimadya magetsi ochepa ngati 4G yomwe. Koma imapezeka m'madera osankhika a Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, makamaka kumene kuli maofesi, ndipo nyumba ikatalikira chingwe chachikulu ndalama yokokera imakhala yanu. Imaduka akamakumba misewu kapena akuba akaiyesa waya wa kopa. Siithawanso mavuto a kunja: zingwe za pansi pa nyanja za EASSy ndi Seacom zitaduka mu Meyi 2024, Malawi idavutika limodzi ndi Tanzania ndi Mozambique. Musanasaine pangano, funsani ngati liwiro ndi lanu nokha kapena mukugawana ndi nyumba zingati, komanso amakonza pakadutsa maola angati chingwe chikaduka.

Makampani monga MTL, Globe Internet ndi inq., yomwe kale inali Skyband, ndiwo ofunika kuwafunsa za mizere yokhazikika. Kumene faiba siinafike, ena amaika kawailesi padenga koyang'anizana ndi nsanja yawo. Njirayi imafuna kuti pakati pasakhale chotchinga, ndiye phiri ngati la Soche kapena mtengo wa mango wa aneba ukhoza kuthetsa nkhani yonse. Auzeni adzayeze asanalandire ndalama. Chingwe chochokera padenga chikhale Cat6 chakunja, chosapitirira mamita 100, ndipo mlongoti ukhale ndi waya wopita pansi, apo ayi mphenzi ya Disembala idzawotcha wailesi ndi rauta limodzi.

Starlink idafika ku Malawi mu Julayi 2023, ndipo ndiyo idabweretsa mpikisano weniweni woyamba, makamaka kumafamu, kumalo ogona alendo a kunyanja ndi kuzipatala za kumidzi. Masetilaiti ake amayenda pamtunda wa makilomita mazana angapo, choncho siidalira nsanja ya m'dera lanu. Pa banja lodya magigabayiti mazana pamwezi, mtengo wa gigabayiti imodzi umatsika kwambiri poyerekeza ndi mabandulo. Pa banja lodya 30GB, n'kugula lole pofuna kunyamula thumba limodzi la chimanga.

Zopinga zake n'zenizeni. Zipangizo mumagula nokha ndi ndalama zambiri pakamodzi. Kulipira pamwezi kumafuna khadi la Visa kapena Mastercard lololedwa kugula kunja, ndipo ndi kusowa kwa foreksi mabanki amaika malire, moti mzere ukhoza kudulidwa ndalama zili mu akaunti. Dishi imafuna thambo loyera, ndipo kuno imapendekera cha kummwera, ndiye yesani malowo ndi pulogalamu ya Starlink ya pafoni musanaboole khoma. Nthambi imodzi imakwanira kudula Zoom mobwerezabwereza. Mvula yamphamvu imaidulanso kwa mphindi zingapo. Nayonso imadzaza: kumapeto kwa 2024 kampaniyi idasiya kaye kulandira makasitomala atsopano ku Harare, Lusaka ndi Nairobi.

Chimene ambiri amaiwala ndi magetsi. Dishi ya Standard imadya pakati pa 75W ndi 100W, pamene Mini imadya 25W mpaka 40W. Batire ya galimoto kapena ya sola ya 100Ah pa 12V imasunga 1,200Wh, koma ya mtovu siyenera kutsitsidwa kupitirira theka, ndiye zogwiritsa ntchito ndi 600Wh. Pamenepo Standard imayenda maola pafupifupi 6, inverter itadyako gawo lake. Batire yomweyo imayendetsa rauta ya 4G masiku awiri. Wokhala kumene magetsi amathimathima awerengere batire, inverter ndi sola pa mtengo wa Starlink, kapena asankhe Mini.

Nyumba zoyandikana zimakonda kusonkherana dishi imodzi. Wi-Fi ya rauta imodzi singadutse makoma a nyumba zitatu, makamaka ya 5GHz, choncho kokani chingwe kupita m'nyumba iliyonse ndi kuikamo access point, kabokosi kofalitsa Wi-Fi m'nyumbamo. Ikani malire a liwiro pa nyumba iliyonse, chifukwa wotsitsa mafilimu mmodzi amatsamwitsa onse. Kugulitsa intanetiyo kwa anthu wamba ndi nkhani ina, imene imafuna chiphaso cha MACRA.

Wogwira ntchito pakhomo amene sangapirire tsiku lopanda intaneti asadalire njira imodzi. Pambali pa faiba kapena Starlink pakhale SIM ya 4G yokhala ndi bandulo yaing'ono, ndipo amene mzere wake waukulu ndi rauta ya Airtel asunge SIM ya TNM, wa TNM asunge ya Airtel.