IPL, Alexandrite kapena Nd:YAG: khungu lakuda limalola iti?

Kuno ku Kasungu, munthu akatopa ndi ndevu zapachibwano kapena tiziphuphu ta lezala, amaganiza ziwiri: kuyitanitsa kamakina ka IPL kochotsera tsitsi ndi kuwala pa intaneti n'kumadzichita yekha kuchipinda, kapena kukwera minibasi pa M1 kukafuna laser yochotsera tsitsi ku Lilongwe. Musanatulutse ndalama, dziwani kuti makinawa si amodzi.

Onse amasaka melanin, chimene chimadetsa tsitsi, kuti awotche muzu wake. Koma kwa ife melanin yomweyo ili tho pakhungu, ndiye kuwala kolakwika kumathera pamwamba. Zotsatira zake ndi matuza, kenako mawanga akuda bii kapena otuwa, ena otha pakapita miyezi, ena osatha.

IPL si laser n'komwe. Ndi kuwala kosakanikirana, ndipo khungu lakuda limakumeza kwambiri. N'chifukwa chake mabokosi ake amakhala ndi tchati cha mitundu ya khungu, lakuda kwambiri litaikidwa mtanda. Wogulitsa pa WhatsApp zimenezo sakuuzani. Ine pankhope panga sindingaiyandikitse, ngakhale itatchipa bwanji.

Laser ya Alexandrite, ya 755 nm (nambala yosonyeza mtundu wa kuwala kwake), ndi katswiri pa azungu. Kwa ife ndi moto. Diode, ya cha m'ma 810 nm, ili pakatikati: pa munthu woyererako imatheka, bola woigwira akhale wodziwa kutsitsa mphamvu ndi kuziziritsa khungu.

Nd:YAG ya 1064 nm ndiyo madokotala a khungu amasankhira anthu akuda, chifukwa imalowa mkati osamezedwa kwambiri pamwamba. Imapwetekako, komanso tsitsi lopyapyala siiligwira bwino. Musayembekezerenso ulendo umodzi. Nthawi zambiri pamafunika maulendo 6 mpaka 8, motalikirana masabata 4 mpaka 6, ndiye werengetsani ndi thiransipoti yomwe.

Ngakhale makina akhale oyenera, dzanja lolakwika limawotchabe. Funsani nambala ya nm ya makinawo. Wokayikira poyankha musiyeni. Auzeni ayambe ayesa kadera kakang'ono pamalo obisika, mudikire masiku angapo muone mmene khungu layankhira. Magalasi oteteza maso asakhale nkhani yokambirana.

Nanunso nenani zoona. Ambiri amabisa kuti amadzola mafuta oyeretsa khungu, pomwe mafuta okhala ndi steroid monga clobetasol amalipepetsa, ndipo khungu lotero limachedwa kupola. Ngati munamwa isotretinoin ya ziphuphu posachedwa, ngati bala lanu limasiya chipsera chotupa, kapena mumatuluka tizilonda m'milomo, dokotala adziwe musanagone pabedi. Tsitsi musalizule kwa mwezi wathunthu, muzingometa, popeza laser imafuna kupeza muzu.

Chimene sitichilabadira kuno ndi dzuwa. Khungu lowotchedwa kumene ndi laser likakumana ndi dzuwa la Okutobala limada msanga, choncho sunscreen (mafuta oteteza khungu ku dzuwa) ya SPF 30 kupita m'mwamba ndi chipewa n'zofunika tsiku lililonse. Ngati miyezi ikubwerayi mukhala muli kunazale kapena kumunda wa fodya, dikirani mudzayambe mu Juni.