M50 ya ku Dublin: tag, akaunti ya video, kapena kulipira mukadutsa?

Amene mwangofika kumene ku Dublin, musayembekezere kuona chipata ngati cha pa Chingeni, pomwe mumaima n'kupereka ndalama pawindo. Pa M50, msewu waukulu wolambalala mzindawu, zipata anazichotsa mu 2008. Pano pali makamera basi, pakati pa Junction 6 ya ku Blanchardstown ndi Junction 7 ya ku Lucan, pomwe pali mlatho wa West-Link wowoloka mtsinje wa Liffey. Mumangodutsa liwiro lomwelo, ngongole yalembedwa kale.

Njira yoyamba ndi kusalembetsa kalikonse. Kamera ikajambula nambala ya galimoto, muli ndi mpata mpaka 8 koloko usiku wa tsiku lotsatira kuti mulipire pa webusaiti ya eFlow, amene amatolera ndalama za pa M50, kapena m'sitolo yokhala ndi chizindikiro cha Payzone. Mu 2024 galimoto yaing'ono inkalipira €3.70. Koma chondidetsa nkhawa kwambiri ndi kuiwala. Munthu wachezera usiku wonse akusamalira okalamba, wafika kunyumba m'mawa, wagona ngati wafa. Angakumbukire za mlatho? Nthawi ikangopitirira, chindapusa chimabwera, ndipo mukachedwanso chimakwererakwerera. Kalata zoterezi zimawawa, abale anga, makamaka pamene ndalamayo inayenera kupita kumudzi.

Akaunti ya video imachotsa mtolo umenewu. Mumalembetsa nambala ya galimoto ndi khadi la kubanki, iwo n'kumadula okha. Chaka chomwecho inali €3.10. Kuipa kwake, imagwira pa M50 pokha.

Tag ndi kachipangizo komata pagalasi lakutsogolo, ndipo ndiyo yotsika mtengo: mu 2024 inali €2.50. Kusiyana kwa €1.20 ndi mtengo wa osalembetsa kumaoneka kochepa, koma wopita ndi kubwerera masiku asanu ankapulumutsa €12 pa sabata. Tag yomweyo imakutsegulirani zipata za pa M1 popita ku Belfast, pa M4, ndi mu Port Tunnel, msewu wapansi pa nthaka wopita kudoko la Dublin. Makampani ambiri opereka tag amadulako kangachepe mwezi ndi mwezi, ndiye ngati mumawoloka mwa apo ndi apo, video ikukwanirani. Wowoloka tsiku ndi tsiku asazengereze, atenge tag.

Alipo ena amene amazemba mlathowu podzera ku Chapelizod kapena m'mudzi wa Lucan. Usiku zimatheka ndithu. M'mawa timisewu timeneti n'topapatiza, mumathera petulo pamzere, kuntchito n'kufika mochedwa. Ndipo mukagulitsa galimoto, chotsani nambala yake pa akaunti yanu tsiku lomwelo, kuopa kulipirira maulendo a mwini wake watsopano.