Makaseti a kwaya ya abambo, miyezi 9 chiwakonzereni

Mu Febuluwale ndinalemba mtima uli m'mwamba. Ndinali nditangofika kuno ku Ulongwe wa ku Mozambique kuchokera ku Tete, komwe situdiyo ina inandikonzera makaseti atatu a kwaya imene malemu abambo ankaimbamo, ndipo ndinauza aliyense kuti atole makaseti ake akale akwere chapa, minibasi ya kuno, apite ku situdiyoko. Lero ndabwera kudzabweza ena mwa mawu aja, ngakhale si onse.

Makasetiwa ndi a C90. Anajambulidwa tili ku Dedza kothawa nkhondo, pa wailesi ya kaseti ya mabatire, maikolofoni yake ili yomwe ija ya m'kati. Nkhondo itatha mu 1992 tinabwera nawo kwathu, n'kukhala m'sutikesi ya amayi zaka zoposa 30, pamodzi ndi makadi a ubatizo. Imodzi inali itayamba chuku m'mbali. Ku situdiyo anandipatsa nyimbo zomwezo m'mitundu itatu. Woyamba ndi momwe zinatulukira m'kaseti, osakhudza chilichonse. Wachiwiri anangoutsuka pang'ono, iwo amati remaster. Wachitatu ndi remix: pulogalamu ya AI inalekanitsa mawu a oimba ndi zina zonse, iwo n'kuwayala kumanja ndi kumanzere, n'kuthira reverb (kubwerera kwa mawu ngati m'chinyumba chachikulu), n'kukweza mphamvu. Wachitatuwu ndi umene ndinautama mu Febuluwale, ndiponso ndi umene unadya ndalama zambiri.

Pano palibe amauika m'nyumba muno.

Tsiku loyamba ndinalumikiza sipika pakhonde, amayi akusenda nyemba. Nyimbo yoyamba inatha osatukula mutu, yachiwiri chimodzimodzi. Ndinafunsa kuti, "Amayi, mwaimva bwanji?" Iwo anati, "Aimba bwino anthu amenewa. Ndi a mpingo wa kuti?"

Ndinaseka, poganiza kuti makutu awo ndi amene akalamba. Zinanditengera miyezi iwiri, ndikumvetsera pa mahedifoni usiku anthu atagona, kuti ndimve zimene iwo anamva ndi nyimbo ziwiri zokha. Pulogalamu ija sidziwa nthungululu. Pamene amayi a kwaya akululutira kumapeto kwa vesi, iyo inaona ngati ndi phokoso, n'kuidula pakati, chotsala chikungomveka ngati mluzu wothyoka. M'manja namo, pena mumamveka pena mumazimirira. Abambo anali ndi chizolowezi chokoka mpweya kwambiri asanatsogolere nyimbo, ndipo kwaya yonse inkalowera pa mpweya umenewo. Mu remix mulibe, anthu 23 amangotulukira pamodzi ngati wawatsegulira ndi switchi. Ndiye pali reverb. Anthuwa ankaimbira m'katchalitchi ka zidina kofolera udzu, momwe mawu sabwerera, amangothera pomwepo. Remix inawasamutsira m'chinyumba chachikulu cha miyala chimene sanapondemo. Kukweza mphamvu kuja nakonso kunafananitsa zonse: pong'ung'udza ndi pofuula n'chimodzimodzi, moti ikafika nyimbo yachinayi makutu atopa kale.

Sindikunena kuti anyamata a ku situdiyo sadziwa ntchito. Ntchito yawo yeniyeni inachitika kompyuta isanayatsidwe n'komwe, ndipo imeneyo ndikuitamabe mpaka lero. Ndinaona ndi maso anga. Kaseti ya chuku ija anaimasula timasikuluwu take tisanu, tepi n'kuisamutsira m'chigoba china, chifukwa kansalu kamene kamakanikiza tepi ku hedi, kachitsulo kowerenga tepi, kanali katamatuka. Atatero anaika kaseti m'deki, makina oimbira makaseti, natenga kasikuludilaiva kochepa ngati ka okonza mawotchi, n'kumapotoza pang'onopang'ono kasikuluwu ka pambali pa hedi, nyimbo ili m'kati. Amati akukonza azimuth. Nkhani yake ndi yakuti hedi yowerenga iyenera kupendekeka ndendende ngati ya wailesi imene inajambula, apo ayi mawu opyapyala amasowa. Poyamba kwaya inkamveka ngati yafundidwa bulangete. Atangopotoza pang'ono, mawu a asopurano anatuluka ngwee, ngati mmene nkhungu ya mu Juni imayalukira pa phiri la Dómuè. Atapitirira anabwereranso m'bulangete, iwo n'kubweza kasikuluwu kaja. Zimenezi palibe pulogalamu ingakuchitireni pambuyo pake. Zimene hedi sinawerenge zatsala m'tepi.

Vuto limene tonse sitinalione linatulukira mu Meyi. Amalume anabwera kuchokera ku Tsangano, ndipo ndinawaikira remaster, mbali yachiwiri ya kaseti yachitatu. Anamvetsera kanthawi n'kunena kuti, "Iwe, alamu anga sankaimba ngati kamnyamata chonchi. Ndipo akuthamangira kuti?" Ananena zoona. Tepi ya kaseti imayenera kuyenda masentimita 4.76 pa sekondi. Mabatire akamafooka pojambula, mota imachedwa, ndiye mukadzaiimba pa deki yabwino yoyenda liwiro lake, mawu amakwera ndipo nyimbo imafulumira. Kusiyana kwa 6 peresenti yokha n'kokwanira kukweza mawu ndi semitone yathunthu, ngati kuchoka pa kiyi imodzi ya kiyibodi kufika pa yoyandikana nayo. Choipa china, mabatire safooka kamodzin'kamodzi, choncho kumayambiriro kwa mbaliyo zinali bwinobwino, kumapeto abambo atasanduka tenala. Kwayayi inalibe kiyibodi kapena gitala yoti tiyezerepo. Tinayezera pa khutu la amalume ndi pa mawu a abambo olengeza nyimbo, chigawo ndi chigawo, pa Audacity, pulogalamu yaulere imene ndinaiika pa laputopu yanga. Titapeza manambala ake ndinawatumiza ku Tete, ndipo anandikonzeranso osalipitsa. Apa ndiwayamike. Koma zinatheka chifukwa mtundu woyamba uja, wosakhudza, tinali nawo. Akanandipatsa remix yokha, bwenzi ndikukweranso chapa makilomita oposa 200 makaseti ali m'thumba.

Za manambala a 96 kHz ndi 24 bit, oyezera tsatanetsatane wa mawu amene fayilo imasunga, amene ndinawalemba monyadira mu Febuluwale, ndinene mosabisa. Posunga ndi abwino, ndipo ndi mmene osunga zinthu zakale ambiri amachitira, kuti wodzakonza mawa asadzasowe pogwira. Koma saika m'nyimbo zimene wailesi ya mabatire sinajambule. Ndayesa kangapo kuika fayilo imeneyo ndi ina ya mlingo wa CD, 44.1 kHz ndi 16 bit, mkazi wanga akusintha ine nditatembenuka. Ndimangolota. Chimene chimasiyana moonekeratu ndi kulemera kwake: mphindi imodzi ya fayilo yoteroyo, ya mtundu wa WAV, ndi pafupifupi 35 MB, kaseti imodzi kupitirira 3 GB. Achibale a ku Moatize ndi ku Lilongwe ndimawatumizira MP3, ndipo palibe wadandaula. Achimwene okha, amene ali ndi zoimbira zodula ku Johannesburg, ndi amene ndinawatumizira FLAC, mtundu wa fayilo umene umachepetsa kulemera osataya mawu, ndipo nawonso akuti amaika remaster.

Fulashi imene ndinabwera nayo inafa mu Julayi popanda chenjezo. Mwayi ndinali nditakopera pa laputopu. Tsopano zili m'malo atatu, ndipo makaseti enieniwo ndinawabweza kwa amayi, m'kabokosi kotseka bwino, kutali ndi chipupa chimene chimanyowa nthawi ya dzinja.

Ndiye kwa amene akufunsa ngati apite: pitani, koma lipirani ziwiri zoyambazo. Muwauze kuti kaphokoso ka tepi ka "sii" akachepetse chabe, asakathe, chifukwa akamakakanda kwambiri kamapita ndi mawu omwe, otsalawo n'kumamveka ngati munthu akuimbira m'madzi. Mutengenso wamkulu amene ankawadziwa oimbawo akakhale nawo pomvetsera. Ine kaphokosoko ndinasiya kukamva sabata yachiwiri. Tambala amene amalira pakati pa nyimbo yachisanu ndi chiwiri ndinakana kuti amuchotse, ndipo ana amamudikirira.

Za kutulutsa nyimbozi kuti zigulitsidwe, paja a ku situdiyo ananena kuti kunja kuli anthu okonda kumvetsera zakale pa zoimbira zapamwamba, ndaimika kaye. Si chifukwa cha mamvekedwe. Mwa anthu 23 aja, amene tawapeza ali moyo ndi 6, ndipo sindinafunse ndi mmodzi yemwe. Mwezi watha ndinayamba ndi agogo ena a kufupi ndi Lifidzi amene ankaimba alito. Ndinawaveka mahedifoni, iwo atakhala pamphasa. Anayamba kutchula mayina mmodzimmodzi, uyu ndi uje, uyu anatsala ku Dedza komweko, uyu ndi mlamu wanga. Itafika nthungululu anavula mahedifoni n'kunena kuti, "Ameneyo ndine."

Ndinawafotokozera za kugulitsa kuja. Anati akaganize, ndipo ndikabwerenso tikatha kubzala, nditatenga sipika yaikulu, chifukwa tam'makututi tikuwamana anzawo.