Bukulo N'labwino, Koma Maikulosikopu Yake Yatigwiritsa Mwala

Bokosi la sayansi limeneli ndinagulira mwana wanga wamkazi amene wangoyamba sekondale, ndipo taligwiritsa ntchito teremu yonse. Mkati muli buku la mitu itatu, wa mphamvu, wa maselo ndi wa ziwalo za thupi. Mulinso tchati chachikulu cha thupi la munthu chomata pakhoma, mawaya, tibabu, kamota, moika mabatire, ndi maikulosikopu yapulasitiki. Pa nyenyezi 5 ndikupereka 3. Likanakhala buku lokha ndikanapereka 4 osanyinyirika.

Chimene chandikopa m'bukuli n'chakuti mitu itatuyi siyaima payokhapayokha. Mabuku ambiri a ana amakamba za magetsi n'kutseka, za selo n'kutseka, kenako mtima ndi mapapo ngati nkhani ina yachilendo, moti mwana amaloweza milu itatu ya mawu osadziwa kuti zimakumana pati. Ili limayamba ndi mphamvu n'kumaitsatira mpaka kukaipeza m'thupi.

Mutu woyamba wagona pa lamulo limodzi, lakuti mphamvu silengedwa ndipo siwonongeka, imangosintha maonekedwe. Mwana amalumikiza batire ku kababu, kababu n'kuyaka, ndiye bukulo limamuuza kuti adikire pang'ono kenako akagwire. Wanga atagwira anati, "Amayi, kafunda!" Funso la m'buku linali lakuti kufundako kwachokera kuti. Kenako limafotokoza kuti babu la kawaya mkati, lachikale lija, limasandutsa magetsi ochuluka kukhala kutentha ndipo ochepa chabe ndiwo amakhala kuwala, n'chifukwa chake mababu a LED sadya magetsi ambiri. Za miyezo ya mphamvu, joule ndi watt, zalongosoledwa mosazungulira: watt imodzi ndi joule imodzi pa sekondi, choncho babu la ma watt 60 limagwiritsa ntchito ma joule 60 sekondi iliyonse. Dzina la joule linachokera kwa James Prescott Joule wa ku England, amene anayeza mmene ntchito imasandukira kutentha.

Kamota kaja ndiko kanatisangalatsa kwambiri. Ukakalumikiza ku batire kamazungulira. Ukachotsa batire, n'kuikapo kababu ka LED, iwe n'kupotokola kachitsulo ka mota mwamphamvu ndi zala, kababu kamathwanima kamphindi, bola mawaya akhale olumikizidwa mbali yoyenera. Mwana amaona ndi maso ake kuti magetsi amabala kuyenda ndipo kuyenda kumabala magetsi. Tsamba lotsiriza la mutuwu limamutuma kukawerenga manambala a kJ (ma joule 1000) ndi kcal, osonyeza mphamvu ya m'chakudya, amene amalembedwa pa mapaketi a zakudya, n'kumuuza kuti kcal imodzi ndi ma kJ pafupifupi 4.2. Apa ndiye mlatho wopita ku selo.

Ndiyeno tifike pa chimene chandichepetsa nyenyezi. Pabokosi analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti maikulosikopu imakuza zinthu ka 1200. Makolo anzanga, nambala imeneyo musaikhulupirire. Galasi laling'ono kwambiri, lokuza pang'ono lija, limagwira ntchito ndithu. Tinasenda kakhungu kopyapyala ka mkati mwa anyezi, n'kukayala pa kagalasi, n'kudonthezapo ayodini, ndipo maselo anaoneka bwinobwino, ondandalikana ngati njerwa za khoma, ena ali ndi kadontho kakuda ka nyukiliyasi chapambali. Mwana anakhala pamenepo mpaka khosi kuwawa, akujambula m'kope zimene akuona. Koma kungotembenuzira ku magalasi okuza kwambiri, zonse zimasanduka chifunga chachikasu. Chopotokola chokwezera ndi kutsitsira galasi n'cholobodoka, ukangochisiya chithunzi chimathawa. Katochi ka pansi n'kofooka, ndipo thupi lonse la makinawa n'lopepuka moti kugunda tebulo pang'ono, zimene umaona zija zasowa.

Chondiseketsa n'chakuti bukulo lenilenilo limasimba za Robert Hooke, amene mu 1665 anafalitsa zimene anaona mu kachidutswa ka cork (khungwa la mtengo wina), tizipinda timene anatitcha maselo, ngakhale kuti zimene anaonazo zinali makoma a maselo akufa. Limasimbanso za Antonie van Leeuwenhoek wa ku Delft m'dziko la Netherlands, wogulitsa nsalu amene ankadzipangira yekha timagalasi tokuza kuposa ka 200, n'kuona mabakiteriya m'zaka za m'ma 1670. Munthu ameneyo ndi kagalasi kamodzi anaona zimene ife ndi makina a ka 1200 talephera kuona. Nambala yokuzira payokha siithandiza ngati galasi silisiyanitsa tinthu tiwiri toyandikana, ndipo ngakhale maikulosikopu zabwino zogwiritsa ntchito kuwala sizipitirira kwenikweni pa ka 1000 kapena 1500.

Pamenepa bukulo nalonso lili ndi mlandu. Laika chithunzi chokongola cha mitochondria, tizigawo ta m'kati mwa selo totulutsa mphamvu, choonetsa mapindikidwe ake onse amkati, osanena kuti zithunzi zotere zimajambulidwa ndi maikulosikopu ya ma electron imene imapezeka m'malabotale akuluakulu. Mwana wanga anafunafuna mitochondria mu anyezi uja mpaka kuyamba kudzikayikira kuti mwina iye ndiye sakutha. Chiganizo chimodzi pansi pa chithunzicho chikanamupulumutsa.

Kupatula zimenezo, mutu wa maselo ndiwo mtima wa buku lonse. Kusiyana kwa selo la chomera ndi la nyama kwaikidwa pa masamba awiri oyang'anana, khoma lolimba ndi ma chloroplast (tizigawo tobiriwira tokola kuwala kwa dzuwa) mbali ya chomera, mbali inayo palibe. Kenako limafotokoza kuti chomera chimatenga kuwala kwa dzuwa, madzi ndi mpweya wa carbon dioxide n'kupanga shuga, ndipo selo, kaya la chomera kaya la munthu, limaphwanya shugayo pogwiritsa ntchito okosijeni kuti lipeze mphamvu, n'kutsala madzi ndi carbon dioxide. Mwana akamvetsa zimenezi, mutu wachitatu umakhala wosavuta, chifukwa ziwalo zimabwera ngati mayankho a mafunso. Shuga afika bwanji ku selo la chala cha kuphazi? Kudzera m'matumbo aang'ono, amene mwa munthu wamkulu amatalika mamita pafupifupi 6, kenako m'magazi. Nanga okosijeni? Mapapo. Mpweya umene timakoka uli ndi okosijeni 21 peresenti, umene timatulutsa uli ndi pafupifupi 16, ndipo bukulo limafunsa mwana kuti winayo wapita kuti. Zinyalala zituluka bwanji? Impso, zimene zimasefa madzi a m'magazi okwana malita pafupifupi 180 patsiku koma n'kubweza pafupifupi onse m'thupi, mkodzo n'kungokhala lita imodzi kapena awiri. Nambala imeneyi inandidabwitsa ngakhale ine.

Pali ntchito yowerenga kugunda kwa mtima padzanja, choyamba utakhala phee, kenako utathamanga pamalo amodzi. Bukulo limati munthu wamkulu akamapuma mtima wake umagunda ka 60 mpaka 100 pa mphindi, ndipo limafuna kuti mwana afotokoze yekha chifukwa chimene nambala yakwerera. Wanga analemba kuti maselo a m'miyendo akufuna okosijeni wambiri kuti aphwanye shuga msanga. Palibe anamuuza. Apo ndinadziwa kuti bukulo lagwira ntchito yake.

Tsoka ilo, kumapeto olemba anachita ngati atopa. Ubongo ndi minyewa zapatsidwa malo ochepa kwambiri, ndipo zimene zilipo ndi mndandanda wa mayina oloweza basi. Za mafupa angoti munthu wamkulu ali nawo 206, osatchula kuti khanda limabadwa ndi ochuluka kuposa pamenepo, ena n'kumalumikizana pamene likukula, chikhalirecho ana amakonda kumva zoterozo. Ziwalo zoberekera mulibiretu, m'buku ngakhale patchati, pomwe ana a msinkhu umenewu ndi amene matupi awo akusintha.

Tchaticho n'chokongola ndipo pepala lake n'lolimba, koma mitsempha yobwezera magazi kumtima anaipaka mtundu wabuluu popanda mawu ofotokoza. Ndi mmene matchati ambiri amachitira, sindikukana. Komabe mwana wanga anakhulupirira kuti m'thupi muli magazi abuluu, ndipo zinatengera kukambirana kuti amvetse kuti magazi onse ndi ofiira, kungoti amene ali ndi okosijeni wochepa amakhala ofiira moderako. Dzina la William Harvey ndi chaka cha 1628, pamene anafalitsa zoti magazi amayenda mozungulira thupi mopopedwa ndi mtima, zalembedwa pakona ndi tizilembo tating'ono kwambiri moti n'kovuta kutiona utaima chapatali.

Mayankho a mafunso ali kumbuyo, koma a masamu angopereka nambala yomaliza osaonetsa njira, choncho mwana akalakwa sadziwa pamene waphonya. Zomatira za bukulo n'zofookanso, masamba apakati ayamba kale kuthothoka.

Ngati mungapeze bukulo likugulitsidwa palokha, tengani, n'kufunafuna maikulosikopu ina yachitsulo yokuza ka 40 mpaka 400, imene ndi yokwanira pa zonse zimene bukulo limafuna kuti mwana aone. Mukagula bokosi lonse, dziwani kuti mabatire ndi ayodini mulibe ngakhale kuti ntchito zoyambirira zimafuna zimenezo, timagalasi toikapo zinthu ndi tochepa ndipo timasweka msanga, ndipo kampeni kosendera kamene kalimo n'kakuthwa zedi, mwana wamng'ono asakagwire yekha.