Jenereta yanga ya 3 kVA: fiiza imakoka bwinobwino koma ketulo musayerekeze

Ndaona anthu ambiri akufunsa za majenereta a petulo awa a 3 kVA, aja a mateyala awiri ndi chogwirira ngati wilibala, ndiye ndati ndilembeko zomwe ndaziona ndi maso angawa poti yathu takhala nayo kuyambira 2022. Tinaigula namondwe wa Ana ataononga ku Kapichira mu January muja, ma megawatt pafupifupi 130 kuchoka kamodzin'kamodzi, mukukumbuka mmene zinalili, magetsi kupita m'mamawa kudzabwera anthu tili mtulo. Ine ndimagulitsa nkhuku zodula ndi mafilizesi pakhomo pompano ku Machinjiri ndiye fiiza ikangosiya kuzizira ndekuti mpamba ukuwola ndikuona. Tsiku lina ndinataya nkhuku zodzadza beseni, fungo lake mpaka ntchentche za kwa aneba kubwera kudzapepesa, basi tinangoti bola ngongole.

Dzina lake sinditchula, ndi zija za ku China zongosiyana penti ndi sitika koma injini ili yofanana, ya 4-stroke, petulo payekha oyilo payekha, yolizira chingwe. Musitolo mnyamata wogulitsayo anatiuza kuti mayi iyi imakoka nyumba yonse. Eee nyumba yonse yake iti? Tsiku loyamba lomwe mwana wanga wamkazi anaika ketulo kuti apange tiyi fiiza ili pomwepo, jenereta inangoti hiii ngati munthu wamukhazika thumba la chimanga pamutu, mababu kufiira, kenako bulekala thii, mdima. Amisiri a zamagetsi omwe anatilumikizira ndi amene anandimasulira bwino, akuti 3 kVA ija uzichulukitsa ndi 0.8 ndiye zenizeni ndi ma watt 2,400, komanso imeneyo ndi ya pamapeto penipeni, yoti izikoka maola ambiri osatopa ndi yocheperapo. Ketulo payokha imadya cha m'ma 2,000. Ndiye chilichonse chotenthetsa, ketulo, ayironi, hotipuleti, giza, ingoiwalani. Ife magetsi akapita kuphika ndi pambaula, kusita ndi simbi ya makala ija ya agogo tinaifukula.

Koma pa zomwe ndinaigulira, apo pokha ndisaname, yandigwirira ntchito. Fiiza, firiji yaing'ono, TV ya 32 inchi, dikoda, mababu a LED asanu ndi limodzi, laputopu ya bambo a kunyumba ndi mafoni a nyumba yonse kuphatikizapo a aneba omwe amabwera ndi matchaja m'manja akangomva yalira, zonsezi imanyamula osadandaula. Chongofunika ndi ndondomeko yoyatsira. Fiiza ikamayamba kompulesa imakoka mphamvu kuwirikiza katatu kapena kuposa ya nthawi zonse kwa kamphindi kochepa, mumamva ndithu injini ikutsika mawu kenako nkubwereranso. Ndiye ine ndimailiza jenereta ili yopanda katundu, ndiisiye itenthe mphindi ziwiri zitatu, ndiyatse fiiza kaye, ikakhazikika firiji, kenako tinthu ting'onoting'ono tija. Mukayatsa zonse nthawi imodzi ndi pomwe imatsamwa.

Tsopano apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsere chifukwa ine ndinaphunzirira pa dikoda yanga. Yathuyi ili ndi AVR, kachipangizo koti voteji isamakwere ndi kutsika mwachisawawa, ndipo ikamayenda bwinobwino muvi wa pa mita umakhala pa 230 pomwepo. Vuto ndi nthawi yomwe petulo akutha. Injini siingozima ayi, imayamba kujejema, vuu vuu vuu kukwera kutsika, mababu kuwala kwambiri kenako kufooka, ndipo timasekondi timeneto ndi tomwe timapha zinthu. Usiku wina bambo a kunyumba ali pa mpira wa Premier League, ine ndinawauza kuti bambo mafuta atsala pang'ono, iwo akuti dikira itha pompano, mapeto ake yajejema yazima, kafungo ka waya wopsa pabalaza, adaputala ya dikoda yapita. Mwamwayi TV inapulumuka. Kuyambira pamenepo lamulo pakhomo pano ndi loti geji ikayandikira pofiira timazimitsa zonse kaye kenako jenereta, ndipo fiiza ndi firiji ndinazigulira ma fridge guard aja odikira mphindi zingapo asanalole magetsi kulowa, TV ndi dikoda zili pa surge protector, kachipangizo koziteteza voteji ikakwera mwadzidzidzi. Ngati muli ndi makompyuta odula kapena zida za ku studio, onjezerani ndalama mugule ya inverter, magetsi ake ndi osalala komanso siisokosa, koma mtengo wake mukhale pansi kaye musanafunse.

Nkhani ya mafuta ndiye ndi yowawa. Thanki yake ndi ya malita 15 ndipo ndi katundu wathuyu imamwa pafupifupi lita imodzi pa ola. Werengerani nokha ndi mtengo wa petulo, makamaka kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 muja, mupeza kuti mayunitsi ndi otchipa kutalitali. Ndiye sindiiliza tsiku lonse ayi, fiiza yodzadza ukapanda kumaitsekulatsekula imasunga kuzizira maola ambiri, ine maola atatu masana, atatu madzulo ana akamawerenga, basi. Ndipo mafuta akasowa m'dziko muno jenereta imasanduka mpando wokhalira pakhonde, ukafika pa filling station ndi chigubu akukubweza, amene ali ndi galimoto bola amapopa muthanki.

Kusamala kwake sikovuta koma osanyozera. Oyilo amalowa wopitirira theka la lita pang'ono, woyamba tinasintha itayenda maola 20 ndipo anatuluka wakuda ndi tizitsulo tonyezimira, pano timasintha ikayenda maola 50 mpaka 100. Ili ndi kasensa koti oyilo akachepa imakana kulira, tsiku lina ndinakoka chingwe mpaka phewa kuwawa ndikuitukwana kumtima osadziwa kuti ndinaiimika potsetsereka oyilo wapendekera mbali imodzi. Chinanso, magetsi atakhazikikako inakhala miyezi itatu osalira petulo ali momwemo, pofuna kuiliza zii, kabureta yatsekeka ndi utomoni wa petulo wakale, mpaka ndinaitana mnyamata wokonza njinga zamoto kudzaitsuka. Pano ndimatseka kampopi ka mafuta nkuisiya izime yokha itachotsedwa katundu, komanso ndimailiza kamodzi pamwezi ngakhale magetsi alipo. Chingwe cholizira chinaduka kamodzi, mateyala ake ndi apulasitiki ofooka limodzi linasweka chaka choyamba chomwe, tinangoikapo njerwa.

Ziwiri izi chonde abale anga musachite masewera. Osaiika m'nyumba, mukhitchini kapena mugalaja yotseka poopa akuba, utsi wake uli ndi carbon monoxide, mpweya wosanunkha wosaoneka, munthu umangogona osadzukanso. Yathu ili panja mukakhola ka zitsulo kofolera ndi lata, kutali ndi mawindo, yomanga ndi tcheni ndi loko. Komanso osalumikiza kunyumba ndi waya wa mapulagi awiri uja wongosomeka pa soketi, magetsi amabwerera kupolo nkukagwira munthu amene akukonza mawaya, kapena magetsi a ESCOM akabwera mwadzidzidzi jenereta imapsa. Ikitsani changeover, switchi yosinthira nyumba pakati pa magetsi a ESCOM ndi a jenereta kuti asakumane, ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi maliro.

Phokoso ndiye lilipo, osanamizana. Alandilodi athu ndi achikulire ndipo anandiitana mwaulemu nkuti mayi, ikamakwana 9 koloko tiziti tapumako, ndiye 9 ikakwana timazimitsa, mpira uthe usathe.

Nyenyezi ndikuipatsa zinayi pa zisanu. Imodziyo ndachotsa chifukwa cha mateyala, phokoso ndi bodza la nyumba yonse lija. Nditapeza ndalama ndikufuna sola ndi batire za mababu ndi TV kuti iyi izingotsalira fiiza, koma kuigulitsa ayi, mvula ikayamba zinyalala nkudzadza ku Nkula muzandipeza ndikukoka chingwe.