Vayisi ya mipeni yochokera ku Joni: ndikuipatsa nyenyezi 3 pa 5 nditaigwiritsa ntchito miyezi 9

Anzanga osula ndi onola, angapo mwa inu mwakhala mukundifunsa za vayisi yakuda ija, chida chopanira mpeni poukonza, imene munaiona pa benchi langa, ngati n'koyenera kuti nanunso muitanitse. Ndinkazengereza kuyankha chifukwa chida sichidziwika chikadali m'katoni. Tsopano yatha miyezi 9, yagwira mipeni yopitirira 60, ndipo pambali pake pali inzake imene ndinapanga ndekha, choncho ndikhoza kunena zimene ndaona ndi maso.

Ndimasula mipeni kuno ku Blantyre, madzulo ndikaweruka komanso Loweruka. Ogula anga ndi a mabutchala, anyamata a chiwaya ndi amayi ogulitsa nsomba. Zitsulo ndimakagula ku Ndirande, makamaka masipuling'i a galimoto. Kwa zaka zambiri ndinkamangira mpeni pa vayisi yaikulu ya pa benchi, Record nambala 3 ya ku Sheffield, imene anandisiyira amalume anga. Vayisi imeneyo ndimailemekeza, koma sanaipangire mipeni. Mano ake amaluma chitsulo n'kusiya zipsera, ndipo posema chigwiriro umangokhalira kumasula, kutembenuza, kumanganso, mpaka dzanja limatopa ndi kumasula m'malo motopa ndi kusema.

Alamu anga amagwira ntchito ku Johannesburg. Nditawatumizira chithunzi, anaigula pa sitolo ina ya pa intaneti n'kuikweza basi yodzera pa Mwanza. Kuphatikiza mtengo wake, ya basi ndi msonkho, ndinataya ndalama imene ndimapeza ndikagulitsa mipeni 7 ya butchala. Kwa munthu wosula m'manja, imeneyo ndi ntchito ya masabata angapo.

Kwa amene simunaionepo, kapangidwe kake n'kosavuta. Ndi mapaipi awiri, ina yolowa mwa inzake. Mkati mwa yaing'ono muli tizitsulo tiwiri tafulati tomatidwa labala, ndipo mpeni umalowa pakati pake n'kupanidwa ndi bawuti. Paipi yaing'onoyo imazungulira mkati mwa yaikulu, ukafika pomwe ukufuna umamanga bawuti ina. Pansi pali mfundo yoti ziwerame kapena zidzuke. Basi, zathera pomwepo.

Ndiyambe ndi zabwino, chifukwa zilipo ndipo si zazing'ono. Sabata yoyamba ndinazindikira kuti ndakhala ndikudzizunza kwa zaka zambiri. Posema chigwiriro cha mlombwa, mpeni umakhala utapanidwa kutsogolo, chigwiriro chili pamtunda poyera mbali zonse. Umang'amba sandipepa motalika ngati lamba, n'kumakoka uku ndi uku monga momwe amapolishira nsapato, dzanja lina likutembenuza paipi pang'onopang'ono. Chigwiriro chimatuluka chobulungira mofanana mbali zonse, popanda kaphiri kapena kachigwa kamene kamabwera ukamamasula ndi kumanga kambirimbiri. Mmodzi wa a mabutchala amene ndawasulira kwa nthawi yaitali anangougwira mpeni watsopano n'kufunsa ngati ndagula makina. Sindinagule makina. Ndinangosiya kulimbana ndi vayisi. Ntchito ya chigwiriro imene inkandidyera madzulo awiri inayamba kutha madzulo amodzi, ndipo msana unapepuka chifukwa ntchito ndi imene imabwera kwa ine, osati ine kuipindikira. Nyenyezi 3 zija zachokera pamenepa.

Labala ndi amene anayamba kundikhumudwitsa. Ine ndikamapala chitsulo ndi sandipepa wa 220 ndi 400 (nambala ikamakwera, pepala limakhala losalala kwambiri) ndimadonthezapo oyilo kuti pepala lisatsekeke msanga. Oyiloyo analowa pansi pa labala, guluu anafewa, ndipo mwezi wachiwiri usanathe labala anayamba kutsetsereka pamodzi ndi mpeni. Ichi si chinthu chochepa. Mpeni umene ukuganiza kuti wagwidwa koma ukuyenda ndi woopsa kuposa umene uli m'manja. Ndinachotsa labalayo n'kumatapo zikopa za lamba wakale ndi guluu wolimba wa epoxy, ndipo mpaka lero zikopazo sizinasunthe.

Koma vuto lenileni, limene linandipweteka mtima, ndi mazinga. Bawuti yomangira ndi ya M10, kutanthauza yonenepa mamilimita 10, ndipo opanga anangoboola paipi n'kudula mazinga m'khoma la paipi momwemo. Khomalo ndinaliyeza, ndi mamilimita 3. Mazinga a M10 wamba amatalikirana milimita 1.5, kutanthauza kuti mphamvu yonse ya dzanja lanu imagwidwa ndi mazinga awiri okha. Nati wamba ya M10 ndi yokhuthala pafupifupi mamilimita 8, mazinga 5 kapena kuposerapo. Aliyense amene anaphapo mazinga pa njinga akudziwa mathero ake. Mwezi wa 4 bawuti inayamba kuzungulira osagwira, tsiku lina n'kungotulukiratu m'manja muli timizere tachitsulo. Ndinalembera ogulitsa kudzera mwa alamu, anayankha kuti ndibweze chinthucho akachione. Kuchikweza basi kubwerera ku Joni kukanadya ndalama yoposa kukonza, ndiye ndinapita nacho kwa achimwene ena owotcherera pafupi ndi kwathu, anawotchererapo nati pamwamba pa bowo. Ntchito ya mphindi 10. Chimene chimandiwawa n'chakuti nati imodzi yokha, imene opanga akanaiika kufakitale, ikanapulumutsa zonsezi.

Palinso china chimene simungachione pa chithunzi. Nsonga ya bawuti yotseka kuzungulira imabaya paipi yamkati. Pakapita nthawi pamakhala timaenje, ndipo ukafuna kuimitsa mpeni pakati pa timaenje tiwiri, bawuti imaukokera m'kadzenje kakale. Umamanga mpeni uli chonchi, pomaliza kumanga wapendekera kwina. Mfundo yapansi nayo imagonja ukatsamira ndi tupa mwamphamvu. Pa sandipepa ilibe vuto, koma pa ntchito yodya chitsulo chambiri imawerama pang'onopang'ono mpaka nsonga kuloza pansi. Ndipo kukamwa kwake kumalandira mpeni wosapitirira mamilimita 50 m'lifupi. Mipeni ya kukhitchini ndi yosendera imalowa bwino. Zimipeni zodulira mafupa zimene a mabutchala amafuna kwambiri sizilowa, pomwe ndi zimene zimandibweretsera ndalama.

Tsiku limene tinkawotcherera nati lija, achimwene aja anaitembenuza vayisiyo kangapo n'kundifunsa kuti ndinaigula zingati. Nditawauza anakhala chete, kenaka anandilozera mulu wa zidutswa pakona. Loweruka lotsatira tinapanga yathu.

Tinatenga mapaipi awiri akuda olowana bwino, yamkati yotakata mokwanira chimpeni cha mafupa, iliyonse yotalika ngati chikhatho ndi theka. Ndikuchenjezeni pano: musatenge paipi ya madzi yoyera ija ya galivanaizi. Ikamawotchereredwa imatulutsa utsi woyera wa zinc umene umaphwanyitsa m'thupi ndi kutenthetsa thupi usiku ngati malungo. Ngati ndi yokhayo imene muli nayo, palani kaye ndi gilayinda mpaka chitsulo chenicheni chioneke, ndipo muwotcherere panja. Pomangira mpeni tinaikapo manati awiri a M12 owotcherera, osati imodzi, kuti mpeni ugwidwe malo awiri usamagwedere. M'malo mwa tizitsulo ta labala ndinasema timatabwa tiwiri ta mlombwa n'kumatapo chikopa, kumbuyo kwake kachitsulo kafulati kuti bawuti isaboole thabwa. Timatabwati tikatha ndimangosema tina.

Pa kuzungulira m'pamene tinachita mwanzeru kuposa a fakitale. Sitinafune bawuti yobaya paipi. Tinang'amba paipi yakunja ndi gilayinda kuchokera kukamwa kutsika pang'ono, n'kuwotcherera timakutu tiwiri mbali ndi mbali ya mng'aluwo, bawuti n'kudutsa pa timakutupo. Ndi momwe chishalo cha njinga chimamangidwira. Ukamanga, paipi yakunja imakumbatira yamkati mozungulira monse, palibe dzenje, ndipo imaima paliponse pomwe waifuna. Mfundo yowerama sitinaike n'komwe. Pansi tinawotcherera chidutswa cha angle iron, chitsulo chopindika ngati L, chimene chimalowa m'kamwa mwa Record ija, ndipo ndikafuna kuti iwerame ndimangoipendeketsa momwemo. Zonse pamodzi, zitsulo, mabawuti, marodi ndi kuwathokoza achimwene, sizinafike mtengo wa mpeni umodzi.

Sindinena kuti yopanga ilibe zofooka. Ndi yolemera, ndipo kuzungulira kwake sikufewa ngati kwa yogula ija, chifukwa paipi yakuda ili ndi msoko mkati umene ndinaupala ndi tupa kwa nthawi yaitali koma umamvekabe. Imafuna sipanala ya 19 pafupi nthawi zonse, pomwe yogula ili ndi timitu topotokola ndi zala. M'nyengo ya mvula imachita dzimbiri ngati sindinaipake girisi. Poyamba nati imodzi inapindika ndi moto wa kuwotcherera, bawuti n'kukana kulowa, moti tinaidula n'kuikanso ina bawuti ili mkati kuti iongoke. Ndiponso ndivomereze kuti ndikanapanda kukhala miyezi 4 ndi yogula ija, sindikanadziwa pofunika kulimbitsa ndi pofunika kusiya. Ndalama ija inandigulira phunziro, ngakhale linali lodula.

Nkhani yomweyi ndaiona pa zida zina za pa benchi langa. Chipala changa ndi dramu la mabuleki a lole, mphepo imachokera ku fani yoyendetsedwa ndi gudumu la njinga, ndipo magetsi akazima ntchito siima. Chimafikitsa chitsulo pomwe maginito amasiya kugwira, pa madigiri Celsius pafupifupi 770, n'kupitirira pang'ono pomwe timafuna tisanachiviike mu oyilo. Posulira panga ndi chidutswa cha ekiselo ya lole choimika m'chitsa. Mbaniro zonse ndinasula ndekha. Chida chotsetserekera tupa kuti mbali ziwiri za mpeni zipendekeke mofanana ndi thabwa, bawuti ya diso ndi ndodo yachitsulo yowongoka, palibe chifukwa choitanitsa kunja. Zonsezi ntchito yake ndi kugwira, kutsamiritsa kapena kupemerera, ndipo munthu wa makina owotcherera ndi mulu wa zidutswa akhoza kuzipanga zolimba kuposa za m'sitolo.

Koma matupa ndimagula, ndipo ndimagula abwino ngakhale akhale odula. Matupa otchipa ena ndi olimba pakhungu pokha, pa sipuling'i amatha mano sabata imodzi. Zoboolera ndimagula za cobalt, chifukwa sipuling'i ngakhale uifewetse imakhalabe ndi malo ouma amene amapsereza zoboolera wamba. Sandipepa wabwino amadula, wotchipa amangosisita. Vayisi yaikulu ya pa benchi sindingayese kupanga, chifukwa mphamvu yake ili mu bawuti yaikulu ya mazinga okhuthala ndi m'thupi lake losungunula, zinthu zimene sizitheka kuseri kwa nyumba. Ndinayesapo kupanga gilayinda ya lamba wa mainchesi 2 kwa 72 imene osula mipeni akunja amaikonda. Chimango chinatheka bwinobwino, koma magudumu amene ndinasema sanali obulungira ndendende, lamba ankathawira mbali imodzi n'kudukaduka. Imeneyo ndaiimika kaye mpaka ndidzapeze magudumu ndi mabering'i opangidwa pa makina, chimangocho ndidzagwiritsa chomwecho.

Ndiye kodi mugule? Ngati muli kunja, ku Joni kapena ku Britain, mukukhala pa lendi popanda owotcherera pafupi, ndipo mumapanga mipeni ing'onoing'ono mwa apo ndi apo, gulani, ikuthandizani kuyambira tsiku loyamba. Musanalipire yang'anitsitsani chithunzi ngati pa bowo la bawuti pali nati yowotcherera kapena chitsulo chokhuthala, ndipo funsani kuti kukamwa kwake n'kotakata bwanji. Ikafika, chotsani labala musanadikire kuti akuchititseni ngozi. Koma ngati muli kuno kumudzi, komwe ku Ndirande kapena ku Mchesi simuyenda mtunda osamva kulira kwa gilayinda, sungani ndalama yanu mugulire matupa ndi sandipepa. Jambulani mapaipi awiri papepala, muwafotokozere achimwene owotcherera za chishalo cha njinga, adzamva msanga kuposa momwe ndalemberamu.

Chimodzi chokhudza zonse ziwiri, yogula ndi yopanga: mpeni ukapanidwa chigwiriro, nsonga yake imaloza pamimba panu, ndipo kwa mwana ndi pankhope penipeni. Ine ndimaveka kachidutswa ka paipi ya pulasitiki pa nsonga nthawi zonse, ndipo ndikachoka pa benchi, ngakhale kukamwa madzi, ndimauchotsa mpeniwo.

Yogula ija sindinaitaye. Ndi nati yake yatsopano ndi zikopa zake, ili kumapeto kwa benchi, ndipo ndimamalizirapo zigwiriro za timipeni tosendera ndi sandipepa wa 600, pomwe kufewa kwa kuzungulira kwake kumandithandizadi. Zimipeni za butchala ndi ntchito yonse ya tupa zimapita pa ya mapaipi akuda.